Kapu ya Kumanja

Loweruka, 1 Febuluwale

Chabwera. Tamer, mwana wa a Haji Shehata, walowa nacho m'mawa chili m'bokosi loyera, atachikumbatira ngati khanda. Tabuleti. Ine ndizichitcha chigalasi, poti ndi galasi basi.

A Haji anatiitanira kuseri kwa kauntala ine ndi Fikri wophika khofi. Akuti kafe ino aisiya m'manja mwa Tamer chaka chino, maondo awo atha. Tamer akuti kuyambira Lolemba zokuwa maoda zatha. Kasitomala akanena chimene akufuna, ine ndizidina pa chigalasi, kapepala kazituluka pa kamakina kamene aika kwa Fikri, Fikri aziphika. Mwezi umodzi woyesera. A Haji anawonjezera, maso ali pa mikanda yawo ya m'manja, kuti amene zimukanike sachotsedwa ntchito ayi, apita kumbuyo kukatsuka matambula ndi kukoleza makala a shisha, fodya uja wokokera pa mpope wa madzi.

Woperekera pano ndine ndekha. Ndiye amanena ndani?

Zaka 26 ndili ndi tileyi m'manja. Ndinayankha kuti palibe vuto, Haji.

Kunyumba buledi ndinangomusiya m'mbale. Amake Rasha anafunsa, ndinati ndi m'mimba.

Lamlungu, 2 Febuluwale

Tamer wandiphunzitsa ola lathunthu. Munthu si woipa, amafotokoza mofatsa. Koma zonse zili m'Chingerezi. Akuti pulogalamuyi waigula mu sitolo ya mapulogalamu imene ili m'kati mwa chigalasi momwemo, ndipo eni ake alonjeza kuti ya Chiarabu ikubwera. Liti? Sakudziwa.

Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu. Chiarabu ndimawerenga chala chikutsogolera, kulemba ndi uku ndikulembaku. Zilembo za Chingerezi kwa ine ndi mapazi a nkhuku pa mchenga.

"Malume Gaber, mwamva?"

"Ndamva."

Sindinamve. Koma maso ndili nawo. Matebulo ndi manambala, amenewo ndimawadziwa. Tiyi ali ndi chithunzi chake chimodzi chachikulu pamwamba. Vuto ndi khofi. Makapu anayi ofanana ndendende, ali pa mzere, kusiyana kwake ndi timalemba ta pansi. Ndinamuonerera Tamer akudina, ndinasunga m'mutu: kumanzere kwenikweni wopanda shuga, kenako wa shuga pang'ono, kenako wapakatikati, kumanja kwenikweni wa shuga wambiri. Ndajambula pa katoni ka ndudu, kali m'thumba la malaya.

Ndikadamuuza. Koma kumuuza n'kudzitumiza ndekha kumbuyo.

Lolemba, 3 Febuluwale

Tsiku loyamba. Sindinalakwitse. Malaya anyowa ndi thukuta kunja kukuzizira chonchi.

Chachilendo ndi chete. Kale ndinkaima pakhomo n'kukuwa kuti wa a Ustazi, Fikri n'kudziwa yekha kuti ndi khofi wa shuga wambiri, thovu lisasweke, madzi ozizira pambali. Lero kapepala kangoti tebulo 4, pamene mphunzitsi wakaleyu amakhala masiku onse. Kawiri pakamwa panatseguka pokha, ndinameza mawu. Fikri akuti akuphikira mipando tsopano, anthu sakuwaona. Anandifunsa kuti tebulo 7 ili ndi ana angati.

Kukhosi kukuyabwa. Kapena ndi chimfine. Kapena mawu akamakhala osagwira ntchito amawola.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Lero mkangano pa tebulo 4, madomino mpaka anaiwalika.

Medhat wa shopu ya mafoni ndi amene anayambitsa, ataona chigalasi m'manja mwanga. Akuti zaka zisanu zikubwerazi kompyuta ya pa desiki idzakhala yoikapo maluwa. Aliyense adzayenda ndi tabuleti, ana a sukulu, madokotala, ngakhale ogulitsa nyemba pa ngolo. Akuti ndalama zili mu sitolo ya mapulogalamu, msika wopanda matope, wopanda a khonsolo othamangitsa mavenda, wosatseka Lachisanu. Pulogalamu yokudzutsa ku swala ilimo, yoitanitsa chakudya ilimo, dziko lonse likugula.

A Ustazi Lotfi anamusiya alankhule mpaka atatha mpweya, monga ankachitira ndi ana a sukulu asanapume pa ntchito. Kenako anati tabuleti ndi foni yonenepa yosatha kuimba, kapena kompyuta yowonda yosatha ntchito, asankhe yekha. Ndipo msika wanji wosaona nkhope ya wogulitsa? Ukagula tomato wowola umabwerera kwa mayi uja. Uyu ubwerera kwa ndani?

Medhat anati umamupatsa nyenyezi imodzi.

"Nyenyezi ndinkapatsa ana a kalasi yoyamba, Medhat. Iwe sunalandirepo."

Anthu kuseka. Medhat sanagonje, anawakumbutsa kuti mwana wawo yemwe Hazem amadyera msika womwewo, amapanga mapulogalamu ku Cairo. A Ustazi anati n'chifukwa chake wafika zaka 34 akudya yekha, wakwatira galasi. Koma nkhope inawala, ine ndinaona. Akuti Hazem anawagulira tabuleti yawoyawo pa Idi, ili mu kabati pansi pa mabulangete, ikufunda.

Kenako anatembenukira kwa ine. Akuti Gaber, iwe ndi amene ukuchinyamula tsiku lonse, weruza. Ndinati ine ndimangoperekera, Ustazi. Ndinkaopa kuti Medhat anganene kuti tawerenga apa tione.

Ndikuwapatsa khofi wachiwiri Medhat anawanena za shuga, poti dokotala anawaletsa kalekale. Anayankha za masiku onse: wowawa amamwa pa maliro, iwo sanafe ndipo safuna kuyeserera.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Ku mzikiti shehe amalalikira, ine ndimawerenga makapu m'mutu. Mulungu andikhululukire.

Lamlungu, 9 Febuluwale

A Ustazi abwera mochedwa, madomino akana. Hazem ali kuno ku Tanta. Mtima. Akuti anagwa pa masitepe a ku ofesi, madokotala apeza kuti kamtsempha kena kanali kolakwika chibadwire. Opaleshoni Lachitatu, pa chipatala cha kuseri kwa siteshoni, pafupi ndi ife. Mwana ndi mmodzi yekhayo, mayi ake anatisiya zaka zinayi zapitazo.

Hazem ndimamudziwa miyendo yake isanayambe kufika pansi akakhala pa mpando wathu. Ankamwa madzi a mandimu ndi kapaipi.

Ndinati Mulungu amuchiritsa. Anati amini, n'kundigwira dzanja. Zaka zonsezi sanandigwirepo dzanja.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Tamer wauza bambo ake pamaso panga kuti malume Gaber aposa achinyamata, sayang'ana n'komwe. N'zoona, chala chazolowera. Katoni ka ndudu ndataya. A Haji anangogwedeza mutu.

Kwatsala masabata awiri ndi theka. Mwina zitheka.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Ndilembe.

M'mawa ndikuyatsa chigalasi panabwera kabokosi ka mawu pakati. Tamer anali asanafike. Ndinadina chobiriwira kuti kachoke. Chinazima, chinayakanso, zithunzi zonse zilipo. Kunja mvula, anthu ochepa, onse a tiyi.

Cha m'ma 10 a Ustazi analowa atanyowa mapewa. Hazem amulowetsa, akuti maola asanu, anamwino awauza kuti akapume kunja, akuzungulirazungulira m'khonde ngati nkhuku yofuna kuikira. Anakhala pa malo awo. Sanaitanitse, sayenera kuitanitsa. Ndinadina tebulo 4, kapu ya kumanja. Fikri anaphika za pa kapepala. Ndinanyamula bwinobwino, thovu losasweka, madzi pambali.

Anapsontha kamodzi. Kapu inaima m'mwamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ngati munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa patali.

"Wandibweretsera wa maliro, Gaber? Wamva chiyani?"

Ndinati sindinamve kanthu, Ustazi, ndikubweretserani wina pompano. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Anatenga chipewa n'kutuluka pa mvula, ambulera kuisiya pa mpando. Ankathamanga. Munthu wa zaka 70.

Ndinapita kuseri ndi chigalasi. Ndipamene ndinayang'ana. Timalemba ta pansi pa makapu tinali ta Chiarabu. Chija Tamer ankanena chija chinabwera, ndipo ndine ndinachilowetsa ndi chala changa. Chiarabu chimayambira kumanja, ndiye mzere wonse unatembenuka. Ndinawerenga ndi chala pansi pa kapu ya kumanja: wopanda shuga. Mawu oti ndikanatha kuwerenga. Tsiku loyamba chigalasi kulankhula chilankhulo changa, ine osachiyang'ana.

Tamer atafika Medhat, amene anaona zonse, anali atamuuza kale pa foni. Tamer anapita kwa Fikri, akuti malume mwakalamba, mwaiwala shuga tsiku ngati lalero? Fikri anayang'ana ine kamodzi. Kapepala kanali m'dzanja lake, ndinakaona. Anakafinya n'kukaponya pa makala. Anati inde, ndaiwala.

Ine chete.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Hazem wamwalira m'mawa. Sanadzuke chichokereni ku opaleshoni. Tamuika swala ya masana itatha.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Tenti ya maliro aimanga mu msewu wa kwawo, yatseka msewu wonse. Tinapita dzuwa litangolowa, ine, a Haji ndi Fikri. Mipando mizeremizere, shehe akuwerenga Kurani. A Ustazi ataima pakhomo kulandira manja. Achepa thupi masiku awiri okha. Dzanja langa analandira monga analandirira la wina aliyense. Sindikudziwa ngati anaona kuti ndine.

Anzake a Hazem ochokera ku Cairo anadzaza mzere wathunthu, mafoni atawatembenuza pa maondo. Medhat anakhala kumapeto.

Kenako woperekera wa pa maliro anafika ndi tileyi. Timakapu ta khofi wowawa. Anatambasulira kwa ine. Ndinaika dzanja pa chifuwa kukana, koma Fikri anatenga tiwiri n'kundipatsa kamodzi. Ndinakagwira mpaka kanazizira.

Pobwerera anthu awiri kumbuyo kwathu amanong'onezana. Wina akuti bambo ake anadziwiratu, anapatsidwa wowawa ku kafe ya a Shehata mwana akadali pa tebulo la madokotala. Mnzake akuti wophika wa kumeneko maso anatha. Fikri anamva. Anangokweza kolala ya jekete.

Loweruka, 15 Febuluwale

Ndawauza amake Rasha zonse. Anali akusankha mpunga, sanasiye. Akuti imfa sikhala mu kapu, bambo ake a Rasha, tsiku la mwana uja linalembedwa iwe usanabadwe, usadzikuze ngati ndiwe mngelo wotenga mizimu. Ndinati ndikudziwa.

Ndikudziwadi. Koma maola asanu aja. Bambo akanakhala pa mpando ndi chiyembekezo chake, akumwa khofi wake wotsekemera, mwina Medhat akumuseketsa. Ine ndinamulanda. Anakadikira m'khonde ndi kuwawa m'kamwa, akudziwa. Zimenezo sizinalembedwe, ndinadina ndine.

Atamaliza mpunga anati za Mulungu zisiye kwa Mulungu, za Fikri ndi zako.

Ambulera ija ndaipachika kuseri kwa kauntala. Ndikadutsa imandikhudza phewa.

Lamlungu, 16 Febuluwale

Chigalasi tsopano ndikuwerenga, koma pang'onopang'ono. Ndimaima pamaso pa kasitomala chala chili pa timalemba, ndiwerenge kawiri, katatu. Wina wa tebulo 2 anafunsa ngati ndikulembera kalata boma. Ndikanyamula khofi ndimabwerera panjira kukafunsa Fikri kuti waika shuga wanji. Kachitatu anandiuza kuti ndilawe ndekha.

Makasitomala awiri akale amuuza Tamer kuti khofi wawo aziphika wina. Tamer wayamba kufunsa za wophika wa ku kafe ya pa siteshoni. Ndinamumva pa foni.

Fikri ali ndi zaka 63. Akachoka pano apita kuti?

Lolemba, 17 Febuluwale

Ndanena.

Ndinadikira a Haji amalize tiyi wawo. Tamer analipo. Ndinaika chigalasi pa tebulo n'kufotokoza kuyambira pa katoni ka ndudu. Mawu amatuluka ang'onoang'ono, ine amene ndinkamveka mpaka kwa ometa tsitsi.

Tamer anatsegula chigalasi, anafufuza za Lachitatu, anapeza kuti wopanda shuga ndinadina ndine. Zonse chimasunga, ndi ola lomwe. Akanayang'ana tsiku lomwelo akanaona. Makutu ake anafiira. Anati malume mukanandiuza, ndikanakujambulirani masupuni pa makapuwo, ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Kenako anayamba kunena za eni pulogalamu, kuti sangatembenuze zinthu osachenjeza, awalembera, awapatsa nyenyezi imodzi. Bambo ake anakweza dzanja, anasiya.

A Haji anati kusadziwa Chingerezi si mlandu, iwonso sadziwa. Koma ndinasiya mnzanga asenze katundu wanga masiku asanu. Anaitana Fikri, anauza Tamer apepese pamaso pa onse. Tamer anapsompsona Fikri pamutu. Fikri anati basi basi, khofi akupsa.

Za ine anati mawu awo a tsiku lija sabweza. Mwezi sunathe koma yankho laoneka. Mawa kumbuyo. Tileyi anyamula Tamer mpaka apeze munthu.

Ndinati chabwino, Haji. Potuluka Fikri anandiuza kuti ndine bulu, iye anali atakonza kale zopita kwa mwana wake ku Mahalla kukapuma, ndamuwonongera ulendo. Bodza. Mwana wake amakhala m'chipinda chimodzi ndi ana anayi.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Kumbuyo. Madzi ozizira, zala zatupa. Pali kawindo koperekera matambula, ndimaonera pamenepo miyendo ya anthu ndi theka la tebulo 4. Palibe wakhalapo. Medhat amakhala pa 5 tsopano.

Tamer amagwira tileyi ndi manja awiri ngati wanyamula mbale ya msuzi. Waswa matambula atatu.

Loweruka, 22 Febuluwale

Ndinanyamula ambulera kupita kwa a Ustazi nditaweruka. Ndinafika pa khomo la nyumba yawo, nsalu za tenti anachotsa, pangotsala mabowo a mitengo mu msewu. Ndinaima. Ndikanena chiyani? Pepani ndinadina kumanja? Ndabwerera nayo.

Amake Rasha akuti ambulera imeneyi idziwa Tanta yense.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Medhat wayambanso za mapulogalamu, akuuza Tamer kuti aike yoti anthu aziitanitsa okha ali pa mpando, woperekera azingonyamula. Palibe anamutsutsa. Analankhula pang'ono n'kusiya yekha. Mkangano umafuna awiri.

Rasha waimba kuchokera ku Alexandria. Sindinamuuze.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Abwera.

Ndinaona nsapato zawo pa kawindo, zakuda zija zopindika kumphuno. Mipando inakhuluka, anthu kuimirira kuwapepesa. Anakhala pa 4. Pa tebulo anaika jumbo, m'kati muli chinthu chafulati. Ndinazindikira. Tabuleti ija ya pansi pa mabulangete.

Tamer anapita, anawerama, analankhulana pang'ono. Kamakina ka kwa Fikri kanalira. Fikri anang'amba kapepala, anawerenga, sanagwire shuga kapena khofi. Anabwera pa kawindo n'kundipatsa.

Tebulo 4. Wopanda shuga.

Ndinati chatembenukanso, kapena Tamer wadina molakwika, ayi, kawiri ayi. Ndinatuluka momwemo, epuloni yonyowa, thovu la sopo m'mikono, kudutsa pakati pa anthu. Ndinafika pa tebulo kapepala kali m'manja. Ndinati Ustazi, pepani, palakwika, musadandaule, tikukonza.

Anandiyang'ana kuyambira ku epuloni mpaka kumaso.

"Sipanalakwike, Gaber. Ndadina ndekha. Tamer wandionetsa."

Ndinayamba kunena za Lachitatu lija. A Ustazi anandidula. Anati a Haji anabwera kunyumba, anawauza zonse, za makapu anayi, za katoni. Anaika dzanja pa jumbo. Kenako anati tsiku lija atathamangira ku chipatala anakapeza chitseko chotseka, palibe chachilendo, anakhala pa benchi maola anayi akunditukwana mumtima. Akuti zinawathandiza. Pakanapanda ine akanatukwana Mulungu.



Anasolola tabuleti mu jumbo. Akuti Hazem anaikamo zinthu asanawapatse, zithunzi, ndi pulogalamu ina imene anapanga yekha, akuti ya masamu a ana. Sanaitsegulepo chilandirireni. Medhat anasuntha mpando wake mwakachetechete kubwera pa 4, anafunsa ngati chaja abwera nayo. Anati ayi. Medhat anati ku shopu ilipo, adikire amwe kaye.

A Ustazi anatembenukira kwa Tamer amene anali ataima ndi tileyi.

"Mwana wanga, usandikwiyire. Khofi uyu andibweretsere Gaber."

Tamer anayang'ana bambo ake. A Haji anayang'ana mikanda yawo. Tamer anandipatsa tileyi.

Ndinapukuta manja pa epuloni. Fikri anali ataphika kale. Ndinanyamula ndi dzanja limodzi, madzi ozizira pambali, thovu silinasweke. Anapsontha, nkhope inakwinyika, anameza. Anapsonthanso.

Ndinabweza tileyi kwa Tamer. Matambula anali atadzaza sinki. Ambulera ndaiwalanso kuwapatsa.